Sutikesi ya Amake Teleza

"Nanga iyo mwaisiyiranji kunsi kwa bedi?"

Blackson anafunsa ataima pakhomo la chipinda, majombo ake akusiya matope pasimenti. Amayi awiri amene ankatulutsa katundu wa malemu anayang'anana, kenako n'kuyang'ana pansi. Zitenje zinali zitatuluka kale, mapoto, nsapato, makina osokera ndi bulauzi yoyera ya Mvano. Zonsezo zinali pamkeka pabalaza kudikira mawa lake, tsiku logawa. Chotsala chinali sutikesi yachitsulo yobiriwira, yokhala ndi loko wamkulu ngati wa pagolosale, ndipo Fackson anali atakhala pabedi, zidendene zake zitaigunda.

"Imeneyi si ya amake Teleza, alamu," anatero Fackson. "Ndi ya kuntchito kwawo."

"Ili m'nyumba mwa ndani?"

"Mwathu muno."

"Mwathu," Blackson anabwereza mawuwo pang'onopang'ono ngati akulawa ndiwo zopanda mchere. "Chabwino. Mawa itsegulidwe pamaso pa anthu ngati zinazo. Ife kuno sitigawa katundu wa munthu china chili chobisika."

Anatembenuka n'kutuluka, matope ake n'kutsala.

Magdalena, mkazi wa Fackson, anali ataikidwa m'manda Lachitatu, ndipo ili linali Lachisanu. Fackson anachokera kwa Mphuka zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo kudzakwatira kuno kwa Nchilamwela. Njerwa za nyumbayi anaumba yekha, nthochi za kuseri anadzala yekha, malata anagula ndi thukuta la kufakitale ya tiyi kumene anagwira ntchito mpaka msana unakana. Koma mkamwini ndi mkamwini basi. Mkazi akatsogola, munthu umasanduka mlendo pakhomo pako pomwe, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwini mawu anali Blackson, mchimwene wake wa malemu, mwini mbumba, amenenso anali kapitawo paesiteti. Pobwera kumanda Blackson anali atanena, anthu akumva, kuti mlamu wakeyo sanalakwire munthu, akhale alere Teleza mpaka alembe mayeso a Folomu 4. Fackson anagona tulo usiku umenewo chifukwa cha mawu amenewo. Tsopano mawuwo anali atakoleka pa loko wa sutikesi.

Magdalena anayamba ngati anzake onse, dengu kumsana, kutchola tiyi kuyambira mame asanaume. Kusiyana kwake kunali kwakuti iye anali ndi setifiketi ya Folomu 2 ndi makutu aatali. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo kunabwera anthu a kuyunivesite, akuti akufuna kufufuza moyo wa mabanja a m'maesiteti, amene akubadwa, amene akumwalira, amene akuthawira ku Joni, ndiponso chifukwa chake mwana wa wotchola tiyi amadzakhala wotchola tiyi pamene mwana wa manijala amadzakhala manijala. Anthu anaseka, amvekere funso limenelo n'lofunikanso kuchita kubwera nalo pa galimoto? Koma ophunzirawo ankafuna munthu wodziwa Chilomwe, amene amayi sangamuope, ndipo anatenga Magdalena. Chaka chilichonse ankayendera mabanja mazana atatu, m'malayini a nyumba za antchito paesiteti ndi m'midzi yozungulira. Mayankho ankapita kuyunivesite ali ndi manambala okhaokha. Mayina a eni manambalawo ankatsala ndi iye m'buku lakuda. Atadwala mu Novembala, makope a ulendo womaliza sanatengedwe, moti tsopano mayina ndi mawu zinali kugona malo amodzi, m'sutikesi imodzi.

Fackson sukulu anaisiyira Sitandade 2, za m'makopemo sakanaziwerenga ngakhale akanafuna. Chimene ankadziwa n'chimene mkazi wake anamuuza kuchipatala, atamufumbatitsa kiyi.

"Bambo ake Teleza, m'menemuja muli anthu. Anandiuza za amuna awo, za mimba zimene sanaziulule, za akapitawo amene amafuna zinazake asanamulembe mkazi ntchito. Ndinawalonjeza kuti sizidzamveka. Muipereke m'manja mwa a Mhango okha, isanatsegulidwe. Mwandimva?"

Iye anati wamva. Sanadziwe kuti mawu aafupi chonchi angalemere kuposa thumba la feteleza.

A Mhangowo anali Dokotala Tione Mhango, mayi wa kumpoto amene ankatsogolera kafukufukuyo. Pamaliro anabwera, anakhala pansi pamodzi ndi amayi, analira ngati mbale. Koma pasiwa sutulutsa ngakhale sipuni katundu asanagawidwe, ukhoza kutchedwa wakuba maso akuona. Choncho anabwerera chimanjamanja, atalonjeza kuti adzabwera Lolemba ndi kalata ya kuyunivesite. Blackson atamva za Lolemba, anati iye Lolemba ali ndi ntchito, zogawa zichitike Loweruka.

Fackson anapita kuseri kwa nthochi, pamene foni imagwira bwino, n'kuwaimbira a Mhango. Anafotokoza zonse osawonjezera.

"Galimoto yathu ili ku Nsanje ndi gulu lina, ibwerako Lamlungu madzulo," anatero mayiyo. "Ndikabwera pa minibasi mawa opanda kalata, a Blackson andimvera?"

"Sakumverani. Akuti za mbumba yawo sakambirana ndi alendo."

Mayiyo anapitiriza: "Bambo, ndikuuzeni zoona. Akaitsegula, pali amayi amene ntchito iwathera, ena maukwati atha. Kulakwa n'kwathu, tinachedwa kudzatenga makopewo. Koma sindingakukakamizeni. Akakuchotsani pakhomopo, yunivesite singathe kukubwezeranipo."

"Sindinaimbe kuti mundikakamize, mayi. Ndimafuna kudziwa kuti Lolembalo mufika nthawi yanji."

"Isanakwane eyiti."

"Basi, muipeza."

Atatembenuka anapeza Teleza ataima ndi beseni la mbale, atamva zonse. Mtsikanayo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamtali ngati mayi ake, maso atatupa ndi kulira kwa masiku atatu.

"Ababa, ingowapatsani kiyiyo."

"Ayi."

"Amayi apita. Nanunso mukufuna mupite? Ine nditsala ndi ndani? Anthu a m'makopewo akukudziwani inu? Adzakuthokozani?"

Mawuwo anamulasa, pakuti anali oona. Fackson anakhala pa chitsa n'kuyang'ana manja ake. Mtima wake wonse unkafuna kukhala. Ankafuna kumadzuka m'nyumba yake, kumamva mwana wake akuwerenga mokweza pakhonde, kumalambula manda a mkazi wake osapempha chilolezo kwa munthu. Kwa Mphuka kunali chiyani? Mlongo wake wokalamba ndi kamunda ka pamtsetse kamene mvula inakakokolola kale.

"Ndiye tiyeni tiithawitse," Teleza anatsitsa mawu. "Mulawirire nayo mbandakucha, mukaisungitse kutchalitchi."

"Ndiye adzati chiyani? Adzati mkamwini wathawa ndi chuma cha malemu. Adzati amako ankabisa zinthu kwa abale awo. Ayi, mwanawe. Ituluka muno masana, pakhomo lakumaso, anthu akuona."

"Nanga akaithyola?"

"Ayambe athyola ine."

Loweruka mvula inakata m'mawa, ngati nayonso ikufuna kuonerera. Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala, amuna pamipando ndi pamabenchi obwereka kutchalitchi, amayi pamikeka. Anabwera ambiri kuposa amene ankayembekezeka, chifukwa mbiri inali itayenda kale kuti m'sutikesi ya amake Teleza muli madola a azungu. Anthu amene pa matenda sanaonekeko ngakhale ndi nthochi imodzi, tsiku limeneli anafika molawirira, atasamba.

Kugawa kunayenda bwino. Makina osokera anapatsidwa Teleza, zitenje anagawana achemwali, bulauzi ya Mvano inabwerera kwa amayi a mpingo. Mkeka utayera, Blackson anatsokomola.

"Patsala chinthu chimodzi."

Fackson sanadikire kutumidwa. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atasenza sutikesi ija paphewa, msana ukudandaula. Anaitula pakati pa bwalo. Kenako, anthu onse akuyang'ana, anakhalapo n'kuika manja pamaondo.

"Abale anga," anayamba, ngakhale kuti pa zaka zonsezi anali asanalankhulepo pabwalo la mudzi uno. "Ine ndine mkamwini, ndikudziwa malo anga. Katundu yense wa mwana wanu ndatulutsa, mpaka singano. Ichi chokha si chake, ndiponso si changa. Muli makope a ntchito yake. Muli mawu a anthu amene anamuuza zakukhosi atawalonjeza kuti sizidzamveka. Eni ake a ntchitoyo akubwera Lolemba. Amene akuganiza kuti muli ndalama abwere ainyamule, aigwedeze, amve yekha."

Panalibe amene anadzuka. Wina kumbuyo anaseka, n'kusiya msanga.

"Mwamva?" Blackson anatembenukira anthu. "Mawu a anthu! Ine ndamva kale za mawu amenewa. Akuti muli mabodza onena ife akapitawo, akuti tikuzunza akazi. Mabodza amenewo apite ku tauni, akawerengedwe ndi anthu amene sanagwirepo tsamba la tiyi, ife eni ake osawaona? Wolemba ndi mchemwali wanga, wa bere limodzi ndi ine. Chake n'changa. Alamu, kiyi."

"Sindipereka."

"Ganizani bwino. Ndinanena ndekha kuti mukhale mulere mwana. Tsegulani, mukhala. Mukakana, tikusudzulani lero lomwe, ndipo dzuwa la Lolemba lisakulowereni pamudzi pano."

Kumbali ya amayi kunamveka kulira kwa Teleza. Fackson sanayang'aneko, ankadziwa kuti akayang'ana afooka. Kiyi anali m'thumba la malaya, pamtima penipeni, ndipo ankamumva akutentha. Kungotulutsa basi, n'kupereka. Magdalena sakanadzuka kudzamufunsa.

"Mundisudzule, alamu," anatero.

Blackson sanayembekezere zimenezo. Munthu amene wazolowera kuti akakweza mawu madengu makumi anayi amawerama, savomera msanga kuti wakanidwa ndi bambo wa msana wothyoka. Anapita pakhonde, n'kubwera ndi hamala imene anakhomera bokosi la maliro.

"Dzukani."

Fackson sanasunthe.

"Ndati dzukani! Yesaya, mugwireni uko."

Yesaya, msuweni wawo, anadzuka mokayikira n'kumugwira Fackson mkono, akunong'ona kuti pepani, pepani. Fackson anagwira zogwirira za sutikesi mbali zonse ziwiri n'kuumitsa thupi. Anamukoka, sutikesi n'kukokeka naye limodzi pamatope. Amayi anayamba kukuwa.

"Bambo a Crispin, tsegulani."

Mawuwo sanali okweza, koma bwalo lonse linawamva. Anali Enid, amake Crispin, mkazi wa Blackson, mayi wachete amene sabata yonseyo anaithera kuseri akuphikira anthu a pamaliro. Ambiri anali asanamvepo mawu ake pagulu. Anali ataimirira pakati pa amayi, akumanganso chitenje chake.

"Musiyeni munthuyo, tsegulani. Koma poti mwati mwambo ndi wakuti zonse zichitike pamaso pa anthu, muwerengenso pamaso pa anthu, mokweza. Inu sukulu munapita. Muyambire nyumba nambala 87."

"Iwe, khala pansi."

"Nambala 87 ndi nyumba yanu. Zaka zisanu ndi zinayi alamu anga akhala akubwera inu muli kuntchito, ine n'kumawauza. Zonse ndinawauza. Za mkono uwu, umene ndinauza anthu kuti ndinagwa pamjigo. Za kumalayini kumene mumachedwa. Zili momwemo, tsiku ndi mwezi womwe." Kenako anapitiriza: "Mchemwali wanu ankachoka kwa ine n'kudzadya nanu mbale imodzi. Anakuuzanipo liwu limodzi? Anauzapo amuna awowa? Ndiye lero wamwalira, inu mukufuna mumutsegule pakamwa ndi hamala. Tsegulani, ine manyazi anandithera kale."

Amayi ambiri anali atazolika. Wina ankakanda pansi ndi kamtengo, wina anadziphimba kumaso ndi mpango, ndipo Fackson poyang'ana anazindikira kuti mantha amene anali pamikekapo sanali a Enid yekha.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Blackson anayang'ana loko, anayang'ana mkazi wake, anayang'ana amuna anzake amene tsopano ankaonetsa chidwi chachikulu ndi nsapato zawo. Hamala inatsika pang'onopang'ono mpaka inagwa pamatope.

"Mapepala a azimayi," anatero, akuyesa kuseka. "Ndani ali ndi nthawi yowerenga miseche? Atenge eni akewo."

Koma manyazi a munthu wamkulu safera m'malere, amafuna pogwera. Anagwera pa mkamwini. Blackson anati mawu ake sabwerera, munthu amene wanyoza mbumba pamaso pa mudzi sangakhale pa nthaka ya mbumbayo. Akuluakulu awiri anayesa kumupepesa, iye anakana. Mawu osudzula ananenedwa masana omwewo, mwachidule, ngati anthu akuthawa mvula. Anagwirizana kuti Teleza akhala ndi mayi ake aang'ono m'nyumba momwemo mpaka mayeso, ndipo bambo ake akhoza kumadzamuona, bola osagona.

Anthu atabalalika, Fackson anapita kuseri kumene Enid ankatsuka miphika.

"Alamu, kunyumba kukakhala bwanji?"

"Ndikupita kwa amayi anga kwa Nsabwe," anayankha osadzutsa mutu. "Ndinakonza kale. Musadandaule za ine, inu mwataya zambiri."

Lamlungu Teleza sanalankhule ndi bambo ake tsiku lonse. Anawachapira malaya, anawasita, anawapinda m'chikwama, zonsezo pakamwa pali potseka. Fackson sanamukakamize. Mwanayo anali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo iye analibe mawu oti amutonthoze nawo osanama. Anangotenga khasu n'kukapalira nthochi zimene sadzadya.

Lolemba m'mawa a Mhango anaimba kuti galimoto yatitimira kawiri, sangathe kufika kumudzi, adikira pamphambano ya msewu wa miyala, kutsidya kwa munda wa tiyi. Fackson anamangirira sutikesi pakaliyala wa njinga ndi malamba a chubu, chikwama chake n'kuchikoleka pahandulo. Anatulukira pakhomo lakumaso monga ananenera. Atafika pa mpanda anamva mapazi kumbuyo. Anali Teleza, atavala yunifolomu.

"Ndigwirako kumbuyo," anatero mtsikanayo. "Matopewa simungathe nokha."

Njira yachidule yopita pamphambanopo imadutsa pakati pa tiyi. Unali mwezi wa Febuluwale, nthawi imene tiyi amaphuka usiku umodzi, ndipo munda wonse unali wodzaza ndi amayi, madengu kumsana, mapepala apulasitiki m'chiuno. Nyengo imeneyi wotchola saweramuka. Malipiro ake ali pa sikelo, moti ngakhale moni amayankha manja akuthamanga. Fackson anakankha njinga atazolika, sanafune kuti anthu amuone akuchoka pamudzi ndi chikwama chimodzi.

Mayi wina wa pafupi ndi njira anadzutsa mutu, n'kuona chimene chinali pakaliyala. Manja ake anaima. Ananena mawu awiri atatu m'Chilomwe kwa mnzake, mnzakeyo n'kuuza wina. Mayi woyambayo anavula dengu, analitula pansi, n'kuima chilili manja atawagwira kutsogolo, monga achitira anthu maliro akamadutsa. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Kenako mzere wonse, kenako mzere wakuseri kwake, mpaka kumtunda kumene anthu ankaoneka ang'onoang'ono m'nkhungu. Phokoso la masamba othyoka, limene m'munda wa tiyi silitha, linatha. Kapitawo wa gululo, mnyamata wa jekete lachikasu, anatsegula pakamwa kuti akalipe, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsekanso.

Panalibe amene anaimba nyimbo kapena kulankhula ndi Fackson. Ena sanamuyang'ane n'komwe, maso awo anali pa sutikesi. Kutsogolo, pamapeto a munda, a Mhango anali atatsika m'galimoto, ataima m'matope ndi kalata yawo m'manja.

Teleza anasiya kukankha. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere.

"Ababa," ananong'ona, "onsewa ali m'menemu?"

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero Fackson. "Amako sanandiuze."

Mtsikanayo anapukuta m'maso ndi mkono, n'kuikanso manja onse awiri pa sutikesi. Anayenda nayo pang'onopang'ono, ndipo amayi aja sananyamule madengu awo mpaka njinga inatuluka m'munda.